Mau Amene Wolankhula Sawachula

Kale mu mzinda wa Athens, ku dziko la Greece, milandu inali kuweruzidwa ndi khamu la anthu wamba, ndipo woimbidwa mlandu anali kudzilankhulira yekha. Munthu wosadziwa kuyala bwino mau ace anali kutaya cuma, ngakhale moyo umene.

Mphunzitsi Aristotle, amene anabadwa m'caka ca 384 B.C. namwalira m'caka ca 322 B.C., analemba buku lochedwa Rhetoric lofotokoza luso limeneli. Iye anaphunzitsa kuti anthu amakopeka ndi zinthu zitatu: khalidwe la wolankhula, zimene mitima yao ikumva, ndi mfundo zimene wolankhulayo apereka.

Mfundo yathunthu iri ndi mbali zitatu, monga mafuwa a pamoto. Naci citsanzo: mbeu zonse zifuna madzi, cimanga ndi mbeu, cotero cimanga cifuna madzi. Koma wolankhula waluso sachula zonse. Mbali imene omvera aidziwa kale amaisiya kuti aikwaniritse okha, ndipo pakutero amabvomera msanga, popeza ganizolo lioneka ngati lao.

Ngozi iri pomwepo, pakuti mbali yosachulidwayo ingakhale yonama, ndipo palibe amene aiyesa. Aristotle anapereka citsanzo ca munthu wopuma mofulumira. Ena anganene kuti munthuyo watentha thupi ndi nthenda, koma ngakhale wamoyo wabwino apuma cotero. Cizindikiro cotere sicitsimikiza kanthu.

Zoterezi zicitikanso pa bwalo la milandu. Mwini munda aimirira nati, "Mbuzi za uje zinaoneka m'mphepete mwa munda wanga dzulo, cotero ndizo zinadya cimanga." Anthu agwedeza mitu. Koma mau obisika ndi akuti mbuzi iri yonse yodutsa pafupi ndi munda yadyamo, ndipo akachulidwa poyera, ali yense aona kuti ngosaona. Nduna ikapanda kufunsa za mapazi a ziweto m'mundamo, kapena za mboni imene inaona mbuzizo zirikudya, munthu wosalakwa alipira.

Cifukwa cace wokonza mau a pamsonkhano ayambe wayala mbali zonse zitatu payekha, nayese iri yonse ngati iri yoona, asanasankhe yoti aisiye. Womvera nayenso adzifunse kuti, "Kodi ndi mau ati amene sanachulidwe, amene ndawabvomera osadziwa?" Funso limeneli lifuna kufatsa, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.