Kodi Munthu Afa Liti?

Kuyambira kale anthu a m'midzi sanali kubvutika kudziwa kuti mnzao wamwalira. Nkhalamba zinali kukhala pafupi ndi mphasa ya wodwala, ndipo pakuona kuti mpweya waleka, mtima suli kugundanso, ndi thupi layamba kuzizira, zinali kumtseka maso ndi kutuma mthenga kwa mfumu ndi kwa abale. Madotolo a ku Ulaya naonso anali kutsata njira yomweyo. Anali kumvetsera pacifuwa, ndipo mtima ukakhala cete anali kulemba kalata ya imfa. Koma m'caka ca 1967 kunacitika cinthu ku South Africa cimene cinagwedeza nzeru yakale imeneyi, ndipo mtsutso umene unabuka pamenepo sunathe kufikira lero lomwe.

Mbeu ya mtsutsowo inafesedwa zaka zingapo m'mbuyo mwace. Mu 1952 nthenda ya poliyo inagwa mu mzinda wa Copenhagen ku Denmark, ndipo odwala ambiri analephera kupuma okha. Dotolo wina, dzina lace Bjørn Ibsen, anaonetsa kuti nkotheka kukankhira mpweya m'mapapu kupyolera m'kapaipi kolowetsedwa pakhosi. Ophunzira udotolo anasinthana usana ndi usiku kufinya matumba a mpweya ndi manja, ndipo pambuyo pace anthu anapanga makina ogwira nchito imeneyi. Makinawo anapulumutsa ambiri, koma anabalanso cinthu cacilendo. Kupuma kulamulidwa ndi ubongo, pamene mtima uli nayo mphamvu yogunda wokha malinga ngati mwazi uli kulandira mpweya. Cotero munthu amene ubongo wace waonongeka wonse angathe kugona pa makina ali wofunda thupi, mtima uli kugunda, koma osamva kanthu, osapuma yekha, ndiponso wosati adzadzukanso. Mu 1959 madotolo awiri a ku Paris, Pierre Mollaret ndi Maurice Goulon, analemba za odwala 23 amene anali otere. Funso linatsala poyera: kodi munthu wotere ali moyo, kapena wafa?

Pa 2 Disembala, 1967, mtsikana wa zaka 25, Denise Darvall, anagundidwa ndi galimoto pamodzi ndi amai ace pamene anali kuoloka mseu mu Cape Town. Amaiwo anafera pomwepo. Mtsikanayo anamtengera ku cipatala ca Groote Schuur atasweka mutu, ndipo madotolo anaona kuti ubongo wace waonongeka kotero kuti panalibe cocita. M'cipatala comweco munagona mwamuna wa sitolo, Louis Washkansky, wa zaka zoposa 50, amene mtima wace unali utatheratu mphamvu. Madotolo anapita kwa Edward Darvall, atate wa mtsikanayo, amene anataya mkazi tsiku lomwelo, nampempha mtima wa mwana wace. Iye analingalira kanthawi kocepa, nabvomera. Usiku umenewo, kuca kwa 3 Disembala, Christiaan Barnard ndi gulu la anthu ngati 30 anacotsa mtima wa Denise nauika m'cifuwa ca Washkansky, ndipo unagunda. Aka kanali koyamba kuti mtima wa munthu uikidwe mwa munthu mnzace.

Bvuto la mtima lisiyana ndi la ziwalo zina. Impso munthu ali nazo ziwiri, ndipo angathe kupatsa mbale wace imodzi iye nakhalabe moyo, monga kunacitikira ku Boston mu 1954 pakati pa anyamata awiri amapasa. Koma mtima ndi umodzi, ndipo ukaleka kugunda uyamba kuonongeka msanga. Dotolo wofuna kupulumutsa wodwala afuna mtima umene uli wamphamvu. Koma kucotsa mtima mwa munthu wamoyo ndiko kupha. Pa mfundo imeneyi mpamene panagona mlandu wonse. Barnard analemba kuti iwo anadikira kufikira makina oyesa mtima anaonetsa mphindi 5 zopanda kugunda kuli konse, ndipo atatero anayamba nchito. Patapita zaka zambiri, mng'ono wace Marius Barnard, amene anali nao usiku uja, ananena kuti mtimawo anauimitsa ndi mankhwala. Kusiyana kwa mau awo kuonetsa kuti madotolo eni ace anali kuyenda m'njira imene malamulo anali asanailambule.

Washkansky anakhala moyo masiku 18. Thupi la munthu liri ndi asilikari ace m'mwazi amene amenyana ndi cinthu ciri conse cacilendo, ndipo mtima wa munthu wina auyesa mdani. Kuti mtima usakanidwe, madotolo anampatsa mankhwala ofoketsa asilikariwo. Koma atafoka, cibayo cinalowa m'mapapu ndipo cinamupha pa 21 Disembala. Apa panabuka funso laciwiri. Barnard anali atauza wodwalayo ndi mkazi wace kuti mwai wopambana unali 80 pa 100, cinkana nchito yotere inali isanayesedwe ndi mtima wa munthu ndi kale lonse. Otsutsa anati mau otere ndi onyengerera, pakuti munthu amene imfa yamuima pakhomo abvomera ciri conse. Ogwirizana ndi Barnard anati wodwalayo akadafa ndithu m'masabata owerengeka, ndipo kumkaniza mwai wotsiriza kukadakhala kuuma mtima.

Funso lacitatu linali la khungu. Pa nthawi imeneyo South Africa inali pansi pa malamulo a tsankho, ndipo m'cipatala ca Groote Schuur Azungu anali kugona m'zipinda zao, anthu akuda ndi Makaladi m'zao. Mkuru wa madotolo a mtima, Velva Schrire, analangiza kuti mtima woyamba usacokere kwa munthu wakuda, poopa kuti maiko adzati Azungu ali kuyesera mipeni yao pa anthu oponderezedwa. Koma pa 2 Januwale, 1968, pa nchito yaciwiri, mtima unacokera kwa Clive Haupt, Mkaladi wa zaka 24, amene mtsempha unaphulika m'mutu mwace ali kuceza kugombe la nyanja. Wolandira anali Philip Blaiberg, Mzungu, dotolo wa mano. Anthu a m'maiko ambiri anafunsa kuti: ngati mtima wa Haupt uyenera kukhala m'cifuwa ca Mzungu, nanga cifukwa nciani mwini wace sanaloledwe kukhala pa mpando umodzi ndi Mzunguyo ali moyo? Blaiberg anakhala ndi mtima umenewo miyezi 19.

Dotolo amene anayang'anira Haupt anali Raymond Hoffenberg. Iye anafotokoza pambuyo pace kuti usiku woyamba anakana kunena kuti mnyamatayo wafa, cifukwa anapezabe zizindikiro zazing'ono zakuti ubongo uli kuyankha, cinkana anzace a mipeni anali ciriri kudikira. M'mawa mwace anayesanso, ndipo posapeza cizindikiro ciri conse anabvomera. Nkhani yace ionetsa kulemera kwa katundu amene dotolo mmodzi asenza pamene pakhomo paima anthu ofuna yankho limodzi lokha.

Mbiri ya ku Cape Town itamveka, zipatala za m'maiko ambiri zinathamangira kucita comweco. M'caka ca 1968 cokha mitima yokwana ngati 100 inaikidwa mwa odwala, ndipo ambiri a iwo anafa isanathe miyezi 3. Liwiro limenelo linabala milandu. Ku Richmond, m'dziko la America, munthu wakuda wogwira nchito ya manja, Bruce Tucker, anagwa nabvulala m'mutu mu Meyi 1968. Tsiku lotsatira madotolo anacotsa mtima wace naupatsa Mzungu, abale ace asanauzidwe kanthu. Mbale wace William anamva za imfayo zonse zitatha, ndipo anatengera madotolowo kubwalo la milandu. Koma mu 1972 bwalo linawapeza osalakwa. Ku Japan, Juro Wada anaika mtima mwa mnyamata wina mu mzinda wa Sapporo mu Ogasiti 1968. Mnyamatayo atafa, anthu anamnenera Wada mlandu wakupha, ponena kuti mwini mtima anali asanafe. Boma silinamzenge mlandu, koma anthu a dzikolo anataya cikhulupiriro kotero kuti panalibenso kuika mtima ku Japan kufikira 1999, lamulo latsopano la 1997 litakhazikitsidwa.

Poona cisokonezo cimeneci, akuru a sukulu ya udotolo ya Harvard anasankha bungwe lotsogozedwa ndi Henry Beecher, ndipo mu Ogasiti 1968 bungwelo linalengeza zizindikiro zodziwira kuti ubongo wafa. Wodwala akhale wosamva ngakhale zowawa. Asagwedezeke kapena kupuma yekha makina atazimitsidwa kwa kanthawi. Maso ace asayankhe kuunika kukawaliramo. Ndipo mayeso onsewa abwerezedwe patapita maora 24. Anacenjezanso kuti kuzizidwa kwakukuru ndi mankhwala ogonetsa zingathe kunamiza dotolo, cotero ayambe watsimikiza kuti zimenezi palibe. Mwezi womwewo, bungwe la madotolo a dziko lonse lapansi litasonkhana ku Sydney linagamula kuti pamene ciwalo cifunidwa, imfa itsimikizidwe ndi madotolo awiri kapena oposa, ndipo asakhale omwe adzagwira nchito yoika ciwaloco. Akuru akale anati mutu umodzi susenza denga. Koma pano anaonjeza kuti wodikira phindu asakhale pakati pa oweruza.

Si onse anakhutira ai. Munthu wanzeru zakuya, Hans Jonas, anatsutsa kolimba. Iye anati nkoyenera kuleka munthu wotere afe mwamtendere pozimitsa makina, koma ndi cinthu cina kumchula wakufa kuti ziwalo zace zitengedwe. Anati malire a moyo ndi imfa sadziwika bwino, ndipo pamene pali cikaiko munthu ayenera kupendekera ku mbali ya moyo. Anadandaulanso kuti tanthauzo latsopano la imfa linadza pa nthawi yomwe madotolo anali kusowa ziwalo. Omuyankha anati cimene cipanga munthu kukhala munthu, ndico kudziwa, kukumbuka ndi kupuma, cikhala mu ubongo, ndipo ubongo ukafa wonse sudzukanso. Anati kukwirira mtima wamphamvu pamene wina ali kufa pousowa ndiko kutaya moyo umene ukadapulumuka. Maganizo aciwiriwa ndiwo analowa m'malamulo a maiko ambiri, koma mabanja ena ndi a zipembedzo zina akanabe kubvomera kuti munthu wofunda thupi ndi mtembo. Kwa anthu amene cinenero cao ciika cikondi, cisoni ndi kulimba mtima mu mtima momwemo, kukana kotere sikudabwitsa.

Zipatala zambiri zinaleka nchitoyi pofika 1971 cifukwa ca kucuruka kwa imfa, koma Norman Shumway wa ku Stanford, amene anayesa njirayi pa agaru zaka zambiri Barnard asanaigwire, anapitiriza mofatsa. M'zaka za m'ma 1980 kunafika mankhwala ochedwa cyclosporine, ocokera ku nkhungu ya m'dothi, amene aletsa thupi kukana ciwalo popanda kufoketsa asilikari onse. Kuyambira pamenepo olandira mitima ambiri akhala zaka 10 ndi kuposa. Kupambanako kunacurukitsa ofuna ziwalo, ndipo kusowa kwace kunabala malonda oipa, osauka nagulitsa impso zao kwa olemera. Mu 2008 madotolo a maiko ambiri anasonkhana ku Istanbul natsutsa malonda amenewa. Ena anayang'ana kwa zinyama. Mu Januwale 2022, ku Maryland m'dziko la America, David Bennett analandira mtima wa nkhumba imene akatswiri anaisintha cibadwa cace kuti thupi la munthu lisaukane, ndipo anakhala nao miyezi 2. Pamenepo mafunso akale anabweranso: kodi wodwala wosowa pothawira abvomera mwaufulu, ndipo ndani asankha woyamba kuyesedwa?

Pa zonse zimene zinacitika kuyambira usiku uja wa ku Groote Schuur, zinthu zitatu zakhala maziko amene zipatala zoika ziwalo ziyesedwa nao. Imfa itsimikizidwe ndi mayeso odziwika, osati ndi liwiro la ofuna ciwalo. Oitsimikiza akhale ena, osati madotolo a wodwala amene ali kudikira. Ndipo mwini thupi akali moyo, kapena abale ace iye atafa, adziwe ndi kupatsidwa mpata wobvomera kapena kukana. Edward Darvall anafunsidwa, ndipo anapereka mtima wa mwana wace ndi manja awiri. William Tucker sanafunsidwe, ndipo anapita kubwalo la milandu. Mipeni ndi makina zinali zofanana ku Cape Town ndi ku Richmond. Cosiyana cinali cakuti kwina madotolo anayamba aima pamaso pa mwini maliro.