Mmene Munthu Amapambanira pa Chisankho

Ndapemphedwa kunena mau pang'ono okhudza chisankho. Ndavomera mokondwa, pakuti m'kaundula wa oponya voti muno m'Malawi ife amai ndiye tichuluka kuposa abambo.

Mpikisano suyamba tsiku loponya voti ai. Umayamba pa chisankho cha chipulula, pamene chipani chifuna munthu mmodzi woti achiimirire m'dera. Kawirikawiri anthu amaima pamzere kumbuyo kwa amene amfuna, masanasana, anansi akuona, ndi uja anagawa zitenje akuonanso. Apa ndi pamene amai ambiri ofuna uphungu amagwera, chifukwa kutuma lole yonyamula anthu kumafuna ndalama zimene iwo alibe. Wogonja pa chipulula saletsedwa kuima payekha, ndipo alipo aphungu amene analowa m'Nyumba ya Malamulo mwa njira imeneyi.

Tsopano mvetsetsani lamulo la aphungu ndi makhansala: wopambana ndi amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi yokha. Tiyerekeze kuti m'dera mwavota anthu 10,000 ndipo opikisana alipo asanu ndi mmodzi. Wina angathe kutenga mpando ndi mavoti 2,500 okha, pamene anthu 7,500 sanamfune. Mukaona anthu awiri a mudzi umodzi, a maganizo ofanana, aima onse, dziwani kuti wachitatu akusekerera. Ena amachita kukopa munthu kuti aime, cholinga chake kungogawa mavoti a mnzao.

Kale ndi mmenenso tinkasankhira Pulezidenti. Mu 2014 a Peter Mutharika anapambana ndi mavoti 36 pa 100 alionse. Koma pa 3 February 2020 khoti linathetsa chisankho cha Pulezidenti cha 2019, chija cha mapepala ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo linati Pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka. Nchifukwa chake zipani zinayamba kufunana. Pa chisankho chobwereza cha 23 June 2020 a Lazarus Chakwera anapambana atagwirizana ndi a Saulos Chilima. Pa chisankho cha September 2025 a Mutharika anapambananso, naonso atadutsa theka.

Za mphatso ndinene poyera. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma tonse tikudziwa zimene zimachitika usiku. Shuga amatha sabata imodzi, phungu amakhala zaka zisanu. Tsono pa tsiku lenilenilo simuima kumbuyo kwa munthu ngati pa chipulula. Mumalowa m'kachipinda nokha, amuna anu ali panja, a mfumu ali panja, ndipo pepala lanu silikhala ndi dzina lanu.

Mavoti amawerengedwa pamalo pomwepo, oimirira zipani akuona, ndipo zotsatira zimaikidwa poyera. Amene mumadziwa kuwerenga, musathamangire kukapala moto. Lembani manambalawo m'kabuku kanu, kuti mudzayerekeze ndi amene adzalengezedwe pa wailesi.