Ululu wa Kuchipinda Si Wopirira

Amai anzanga, anamkungwi anatilangiza kuti banja n'kupirira. Koma ululu umene mai amamva pokhala malo amodzi ndi bambo si wopirira ai. Uli ndi gwero lake, ndipo thandizo lilipo.

Choyamba ndi kuuma kwa njira. Kumadza pamene mai akuyamwitsa, ndiponso akasiya kusamba, pakuti chikazi chimachepa. Pamenepa bambo asafulumire. Ayambe ndi kuseŵera kufikira thupi litakonzeka. Ku famase kuli mafuta oterera opangidwa ndi madzi. Vaseline ai, chifukwa amang'amba kondomu. Ndipo tileke kuika zitsamba kapena nsalu zoumitsa njira. Zimasupula khungu, tsono pa zilondazo matenda, ngakhale HIV, amaloŵa msanga.

Chachiŵiri ndi bala la pobereka. Amene anang'ambika kapena kusokedwa adikire masabata 6, anamwino aone ngati lapola.

Chachitatu ndi matenda, monga mauka ndi chinzonono. Kukamayabwa kapena kutuluka zonunkha, pitani kuchipatala. Akati ndi opatsirana, bambo alandirenso mankhwala.

Ululu wa m'kati-kati, makamaka magazi akamatuluka mutatha kukhala pamodzi, musauzengereze. Nthaŵi zina ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene imachizika ikapezeka msanga. Poyeza amapaka viniga, ndipo satenga nthaŵi.

Pomaliza, mantha nawonso amamanga thupi, ululu nkuwonjezeka. Musangotembenukira kukhoma. Auzeni abambo masana, muli aŵiri, mtima uli pansi. Mwamuna sangadziŵe chimene sanauzidwe.

Mau aŵa tikawafikitsenso kwa ana athu aakazi amene ali pabanja.