Tiuone utsi wa m'mawa tisanatulutse ndalama za kalabu

(Mawu omwe adalankhulidwa kwa nthumwi za makalabu a alimi a ku Mitundu ndi ku Nathenje)

Lero sitikamba za feteleza kapena mitengo ya soya ayi. Tikamba za utsi womwe umatuluka galimoto ya dizilo ikangolizidwa m'mawa. Tikuona ena mwayamba kale kuseka kuti za amakaniko zalowa bwanji pa msonkhano wa alimi. Zalowa chifukwa makalabu ena akusonkha ndalama zogulira kalole kakale kochokera ku Japan, kuti asamadyeredwe masuku pamutu potengera mtedza ndi soya ku msika wa Mitundu kapena ku Lilongwe. Ndalama zimenezi ndi thukuta la zaka ziwiri kapena zitatu.

Ife tomwe zidationekera. Kalabu ina yomwe tinkaiyendera tili pa ntchito ya ulangizi idatitenga kukaona galimoto masana. Mwini wake adali ataitenthetsa kale, choncho idalira kamodzin'kamodzi, tonse n'kuomba m'manja. M'mawa mwake kumudzi, mu Juni kukuzizira, idavuta kulira, ndipo italira utsi woyera udadzaza bwalo lonse. Makaniko woyamba adati injini yatha, aimasule yonse. Wachiwiri adayamba wayeza mahita, n'kupeza kuti awiri mwa anayi adali akufa. Tikadamvera woyamba uja, ndalama za mbewu zikadathera pomwepo.

Kuti timvetsetse, injini ya dizilo ilibe mapulagi a moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, nozo imapopera dizilo, ndipo dizilo amayaka yekha. Injini ikagona usiku wonse, chitsulo chozizira chimamwa kutenthako. N'chifukwa chake injini zambiri zili ndi mahita, tizitsulo tomwe timafiira mukatembenuza kiyi. Kanyali kooneka ngati waya wopindapinda kaja kamatanthauza kuti dikirani. Madalaivala ambiri sadikira kuti kazime, kenaka n'kumanamizira batire.

Tsono utsi woyera ulipo wa mitundu itatu, ndipo apa mpomwe anthu amaberedwa. Pali nthunzi chabe yopyapyala, yopanda fungo, yongozimirira ngati mpweya wa m'kamwa mwathu mu Julayi. Imeneyo si matenda. Pali utsi woyera wonunkha dizilo, wowawa m'maso, injini ikunjenjemera, koma womatha pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri. Ameneyo ndi dizilo yemwe sadapse. Ayambe kuyezedwa ndi mahita, kenaka manozo ngati akudontha, kenaka taimingi ya pampu. Zonsezi zikapezeka zili bwino, mpamene makaniko angayeze mphamvu ya kupanikiza kwa mapisitoni ndi geji, inu mukuona. Asakuuzeni kuti injini yatha pongoimvera ndi khutu.

Wachitatu ndiye woopsa. Ndi utsi woyera wochindikala womwe sutha ngakhale injini itatentha. Mukaona madzi a m'radiyeta akuchepa popanda podontha, kapena oilo akuoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi akulowa mu injini. Gasiketi yapsa kapena hedi yang'aluka. Galimoto yotere musagule, ndipo ngati ndi yanu kale iimitseni. Chonde, chotsekera cha radiyeta sititsegula injini ili yotentha, madzi ake amasupula nkhope.

Utsi wabuluu ndi oilo akupsa. Ukangotuluka pang'ono polira n'kutha, kawirikawiri amakhala masilo a mavavu omwe atopa, oilo n'kumatsikira pansi usiku. Galimoto yotere ingathe kugwirabe ntchito, bola kumayeza oilo m'mawa uliwonse, komanso mtengo utsike. Koma utsiwo ukapitirira ulendo wonse, ndi maringi kapena tebo, ndipo kumeneko ndi ndalama zambiri. Injini ikulira, tsegulani chotsekera cha pothirira oilo. Ngati pakufuka utsi ngati pa mbaula, maringi atha.

Wakuda sitichedwapo. Dizilo wachuluka, mpweya wachepa. Ndi fumbi la m'misewu yathu ya kumudzi m'chilimwe, sefa ya mpweya sichedwa kutsekeka, ndiye yambani mwaona imeneyo. Komanso tisadzinamize, lole ya matani awiri tikaisenzetsa matumba 60 a makilogalamu 50, idzafuka basi. A zigayo za dizilo, zambiri mwa izi zikukukhudzaninso.

Pali china chomwe mlimi payekha sangachithe. Mu 2011 ndi 2012, komanso mu 2022 ndi zaka zotsatira, mafuta atasowa tonse tidathamangira a m'zigubu. Dizilo wosakaniza ndi palafini sateteza pampu ndi manozo kuti zisaperepeseke, ndipo wamadzi amadyetsa dzimbiri. Utsi wina womwe tikuuona lero udayambira m'zigubu zija. N'chifukwa chake tikupempha bungwe la MERA, lomwe limayang'anira za mafuta, pamodzi ndi a Malawi Bureau of Standards, kuti kuyeza dizilo kuzifikanso m'matauni ang'onoang'ono ngati athu ano, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa m'Chichewa.

Ku makalabu, pempho lathu ndi loti mulembe izi m'malamulo anu. Galimoto, thirakitala kapena injini ya chigayo isagulidwe musanaione ikulira m'mamawa itagona. Gwirani injiniyo ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Pakhale anthu atatu, msungichuma, membala wina ndi makaniko yemwe mwabwera naye nokha, osati wa wogulitsa. Mmodzi aime kumbuyo aone mtundu wa utsi, aununkhize, awerenge mphindi mpaka utatha, ndipo mlembi alembe m'buku la kalabu. Wogulitsa akakana kuti mufike m'mawa, bwererani ndi ndalama zanu.

A tcheyamani, tikubweza mpando kwa inu. Amene ali ndi mafunso pa injini za makalabu awo atipeze panja tikamaliza.