Mawu a mlendo wolemekezeka potsanzika ophunzira opita kukaona malo a mbiri yakale, ku Balaka

 

Ife a kuno timaona anthu akungodutsa. Wa ku Mangochi, wa ku Salima, wa sitima pa Nkaya, onse amagula chimanga chootcha n'kumapita. Nafenso tatengera. Munthu wadutsa pa Mtakataka kambirimbiri, koma mukamufunsa za Mankhamba akuyesa ndi dzina la golosale.

Ana inu, mukatsika basi ku Mankhamba mukaponde mwaulemu. Pamenepo panali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Dr. Yusuf Juwayeyi, Mmalawi mnzathu, atakumba pamalopo anapeza mikanda ya kunja, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Ku China! Makolo athu ankachita malonda ndi anthu a kutsidya la nyanja yamchere, kulibe foni, kulibe msewu wa tala.

Mukakwera ku Dedza mukaona zojambula za m'mapanga a Chongoni. Malo ake alipo 127, ndipo UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira anajambula Akafula, zoyera Achewa. Aphunzitsi, muwasechetu m'matumba anawa. Ena amafika kumeneko n'kulemba ndi khala dzina la chibwenzi pamwamba pa chojambula chimene chapirira zaka mazanamazana. Mwana wa ku Balaka ndisamve.

Pobwerera muime pa Nkolimbo ku Ntcheu, pamene pagona Inkosi Gomani Chikuse, amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Zipewa pansi, maselefi pambuyo.

Tsono mafumu anga, ndilankhuleko ndi inu, mundikhululukire. Ku South Korea kuli mzinda wa Gyeongju, kumene manda a mafumu akale a Silla ndi zitunda zazikulu ngati timapiri, udzu wometedwa bwino. Alendo akachoka pamenepo amapita ku kachisi wa Abuda wa Bulguksa, n'kugona, n'kudya, ndalama kutsala mumzindamo. Kwathu kuno mitengo ya kumanda ikuthera m'mauvuni a makala. Nkhwangwa ikulira ku msitu kumene kale mwana sankaloza n'chala, a nyakwawa ali pakhonde akumva. Mlimi akafukula mapale akale kapena nsimbi za ng'anjo m'munda, amangoziponya kumalire. Muwauze anthu anu kuti akapeza zotere asasunthe, adziwitse ofesi ya DC, iwo aitane akatswiri oona za zinthu zakale. Ku Machinga, pafupi pompa, tili ndi zipilala za Malape ndi phiri la Chikala kumene a Kawinga anali ndi linga lawo, koma ana athu ambiri amangozimva.

Bambo dalaivala, ana alipo okwana, ndipo tikawerenganso Lamlungu. Musathamange pa Golomoti, pali mbuzi zosamva hutala. Ulendo ndautsegula.