Mbawa ya mawa iyambira m'chubu cha pakhomo

Mawu a mneneri wa Khonsolo ya Thyolo kwa anthu a ku Goliati



Chaka ndi chaka, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lathu limakhala m'nyengo yobzala mitengo. Mbande zimabwera pagalimoto, timabzala, timaomba m'manja n'kubalalika. Koma ukabwerera pamalo omwewo mu Okutobala, nthawi zambiri umapeza maenje okhaokha. Mbuzi zidadya, moto udatentha, chiswe chidamaliza. Mtengo wobwera pagalimoto umakhala wa aliyense, ndipo chinthu cha aliyense chimasowa mwini wochithirira. Ndiye pempho langa lero ndi lakuti banja lililonse lifese lokha njere za mbawa pakhomo, lilere mbandezo ndi manja ake, kenaka lidzazibzale pamalo pamene lizidzaziona tsiku ndi tsiku.

Zotsatira za kutha kwa mitengo tonse tidaziona. Agogo athu adalidziwa phiri la Thyolo lili nkhalango yowirira, koma lero chatsala ndi kachigawo kochepa, makamaka kumbali ya esiteti ya Satemwa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 600 m'chigawo chino cha kumwera, adagumula nyumba ndi kukokolola minda, ndipo madzi adathamanga mopanda chowatchinga m'malo otsetsereka amene adatsala opanda chomera. Dziko la Malawi lidalonjeza kubwezeretsa chonde ndi mitengo pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika chaka cha 2030. Lonjezo limeneli lidalembedwa ku Lilongwe, koma ntchito yake ichitikira m'makomo ngati athuwa.

Mwina wina afunsa chifukwa chimene ndasankhira mbawa pamene bulugamu amakula msanga. Bulugamu ali ndi ntchito yake, ndipo maesiteti a tiyi amamubzala kuti apeze nkhuni zoumitsira tiyi. Komabe mtengo umenewu umamwa madzi ambiri, kotero suyenera kukhala pafupi ndi chitsime kapena m'mbali mwa mtsinje. Mbawa ndi mtengo wa kwathu konkuno, wokonda m'mphepete mwa madzi, umene mizu yake imagwira gombe la mtsinje. Matabwa ake ofiirira ndi amene amisiri amawafunafuna popanga zitseko, mipando ndi makabati. Ikasiyidwa, imakula modabwitsa. M'nkhalango ya Chirinda ku Zimbabwe muli mbawa yakalekale imene anthu amachita kuyenda ulendo kukaiona.

Kafesedwe kake nkosavuta. Chipatso cha mbawa ndi chigoba cholimba, chobulungira, chimene chikakhwima m'chilimwe chimang'ambika n'kutulutsa njere zopyapyala zokhala ndi timapiko m'mbali. Sankhani mtengo wowongoka ndi wathanzi, ndipo ngati nkotheka tolani njere pansi pa mitengo ingapo. Mbawa zambiri zatsala kumanda ndi m'minda ya eni ake, choncho yambani mwapempha kwa a mfumu kapena kwa mwini malo. Tayani njere zoboola ndi tizilombo. Njere za mbawa sizichedwa kufa, ndiye musazisunge kudenga kudikira chaka chamawa. Zifeseni zikadali zatsopano, ndipo sizilira kuviika m'madzi otentha monga zimafunira njere zina zolimba khungu. Amene sangathe kupeza njere afunse alangizi a zankhalango, amene amadziwa za mbewu zochokera ku bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba.

Machubu akasowa, mapepala a shuga kapena mapaketi a Chibuku otsuka bwino amagwira ntchito, bola muwaboole kunsi kuti madzi azituluka. Sakanizani dothi lapamwamba lachonde ndi manyowa owolerana bwino komanso mchenga pang'ono. Ikani njere imodzi kapena ziwiri m'chubu, muikwirire ndi dothi lochepa chabe, chifukwa yozama kwambiri imaola. Konzani kamthunzi ka udzu, ndipo thirirani m'mawa ndi madzulo popanda kudzaza madzi ngati dambo. Pakati pa masabata awiri ndi anayi mudzaona zitamera. Zikamera ziwiri, patulirani imodzi m'chubu china.

Mbande zikamakula, muzinyamula machubu n'kuwasuntha pakapita masabata angapo, n'kudula mizu yotulukira kunsi kuti isaloze m'nthaka ya panazale. Kukatsala mwezi umodzi kuti mubzale, chepetsani madzi ndi mthunzi pang'onopang'ono kuti mbande zizolowere dzuwa. Amene afese mu Ogasiti kapena Seputembala adzakhala ndi mbande zoyenera kubzala mvula ikakhazikika mu Disembala kapena Januwale. Kumbiranitu dzenje losachepera masentimita 30 kuya kwake ndi m'mbali monse, mubwezeremo dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa. Pobzala chotsani pepala lija, ndipo musagumule dothi logwira mizu.

Ndikudziwa kuti kuno malo ndi ochepa, popeza minda ya tiyi idatenga gawo lalikulu la nthaka ya boma lathu ndipo mabanja ambiri amalima kachigawo kosakwana hekitala. Nchifukwa chake sindikupempha nkhalango. Mitengo isanu pa banja ikwanira: m'malire a munda mutagwirizana ndi mnansi wanu, m'mbali mwa mtsinje, kumanda, kusukulu kapena kutchalitchi. Mbawa ikhale patali ndi nyumba komanso mawaya a magetsi, pakuti idzakula kwambiri. Musaithithikanenso yokhayokha pamalo amodzi, chifukwa pali mbozi imene imaboola nsonga zanthete za mbawa n'kuchititsa mtengo kuphuka nthambi zambiri m'malo mowongoka. Mukaisakaniza ndi mitengo ina monga mtangatanga, vuto limeneli limachepa.

Akuluakulu adati mmera m'poyamba. Zaka ziwiri zoyamba ndi zimene zimapha kapena kupulumutsa mtengo. Utchingireni mpanda wa minga kapena nsungwi kuopa mbuzi, upalireni, lambulani mozungulira moto wolusa usanayambe, ndipo m'chilimwe choyamba muziuthirako madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri. Mafumu athu, apa tikudalira inu kuti malamulo a m'mudzi okhudza ziweto zoyenda zokha ndi kutentha tchire agwire ntchito, mogwirizana ndi makomiti oyang'anira zachilengedwe.

Sindikubisirani kuti mbawa imachedwa. Matabwa abwino amafuna zaka makumi angapo, ndipo ambiri a ife amene tili pano sitidzawacheka. Koma mthunzi wake ndi kugwira kwake nthaka tidzaziona tili moyo, ndipo mwana amene akuyamba Sitandade 1 chaka chino adzapeza chuma chimene palibe adamugulira pamsika. Mbawa zimene tikutolapo njere lerozi zidasungidwa ndi anthu amene sadatidziwe n'komwe.

Pomaliza, ndikupempha komiti ya chitukuko ya mudzi uliwonse kuti ilembe mabanja amene afesa ndi chiwerengero cha mbande zawo. Tikadzakumananso chilimwe chamawa, tidzawerenge mitengo imene ili moyo, mudzi ndi mudzi, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho tidzachilembe m'kalata ino ya chitukuko.