Baji ya agogo, chimbudzi chachikulu ndi "mphindi ziwiri zokha"

Ana anga, mwaswera bwanji? Ndikuona ena mwayankha ndi mutu wokha. Palibe kanthu, Chichewa changa ndichiyendetsa pang'onopang'ono, ndipo mawu ena akakudutsani mufunse mnzanu wapafupi.

Atandipempha kuti ndidzayankhule nanu ankaganiza kuti ndinena za sukulu kapena za ntchito. Ine ndasankha za chimbudzi ndi za poimika galimoto. Sekani ndithu. Koma ambiri mwa inu mwangotenga kumene layisensi, ena mukuphunzira, ndipo galimoto yoyamba imene muyendetse kuno ku England ndi ya pakhomo, ija imakhala ndi Blue Badge ya agogo m'kabokosi ka kutsogolo.

Mayi anga anadwala sitiroko zaka zinayi zapitazo. Mbali ya kumanzere inafa, ndiye amayenda pa njinga ya olumala. Loweruka lina m'nyengo yozizira, kamvula kaja kosadziwa kukata kakuwaza, anati atopa kukhala m'nyumba, akufuna akasankhe okha ndiwo kusupamaketi. Titafika tinapeza malo onse a anthu aulumali odzaza. Ndinazungulira kawiri. M'galimoto ina munali mnyamata wa msinkhu wanu, injini ikulira, magetsi akuthwanima, pagalasi palibe baji. Ndinamufunsa mwaulemu. Anati akudikira mnzake, mphindi ziwiri zokha. Ndinadikira mpaka a kumbuyo kwanga anayamba kuimba mahutala. Mapeto ake ndinatsitsira mayi pakati pa njira, n'kuwasiya okha pamvula kuti ndikaimike galimoto kumapeto kwenikweni. Pobwera ndinawapeza chitenje chanyowa, maso ali pansi. Anangoti, "Mwanawe, ulendo wina uzindisiya kunyumba." Ndipo nyengo yonse yozizira ija sanapemphenso kutuluka.

Mnyamata uja sanali woipa mtima. Mwina ankaganiza zimene ambiri timaganiza, kuti malo amenewa ubwino wake ndi kufupikira chitseko basi, ndiye munthu akawasowa angoyenda pang'ono. Si choncho ayi. Mukadzafika pamenepo mudzayang'ane pansi. Malo wamba amakhala mamita 2.4 m'lifupi. A anthu aulumali amawonjezerapo mita 1.2 pambali ndi kumbuyo, paja pali mizere yopingasa. Mpata umenewu ndi woti chitseko chitseguke chonse, njinga ifike pambali pa mpando, munthu asamuke osagwa. Wa kumbuyo ndi wa galimoto zija zimatsitsa munthu ali panjinga yake kudzera chitseko cha kumbuyo. Pamalo wamba mayi anga sangatuluke m'galimoto n'komwe, ngakhale malowo atakhala pakhomo penipeni pa sitolo. Choncho inu amene mumanyamula chakudya panjinga zamoto, komanso inu osiya ngolo za m'sitolo paliponse, mizere yopingasa ija si malo opanda mwini.

Ndikudziwa pali ochenjera muno amene anena kuti, "Anti, pasupamaketi si pamsewu wa boma." N'zoona. Pamsewu khonsolo imakulipiritsa chindapusa, pomwe pamalo a sitolo zili kwa eni ake ndi kampani imene anailemba kuyang'anira, ndipo ena salabadira. Koma mayi anga ananyowa chimodzimodzi.

Tsopano za baji, pakuti apa m'pamene ife a m'mabanja athu timalakwitsa kwambiri. Bajiyi sinagwe kumwamba. Mu 1970 phungu wina wa ku Manchester, Alf Morris, amene bambo ake anabwera kunkhondo yoyamba ya padziko lonse atavulala kwambiri, anatsogolera lamulo loteteza odwala nthawi yaitali ndi aulumali. M'lamulo limenelo munachokera baji ya mtundu wa lalanje mu 1971, imene inasanduka yabuluu mu 2000. Ndi ya munthu, si ya galimoto, si ya banja. Kuseri kwake kuli chithunzi cha mwini. Imagwira ntchito mwini wake akakhala paulendowo, kapena mukamapita kukamutenga kapena kukamutula.

Kwathu timati cha agogo ndi chathu tonse, ndipo pa mphika wa nsima n'zoona. Agogo eni ake amatha kukuuza kuti, "Tenga bajiyo mdzukulu wanga, ukandigulire mankhwala." Usatenge. Ngakhale ulendowo ndi wothandiza iwowo, ngati atsala pakhomo, iwe uli ndi miyendo, kaimike kwa anthu onse. Kuwakweza agogo n'kuwasiya m'galimoto kuti iwe upeze malo abwino nakonso malangizo a boma amakaniza. Oyang'anira za magalimoto a khonsolo ali ndi mphamvu zopempha kuona bajiyo ndi kuilanda. Makhonsolo amatengera anthu kukhoti, ndipo chindapusa chimatha kufika £1,000. Inu amene mukufuna unamwino, udokotala kapena zamalamulo, nkhani ya kukhoti si imene mungakonde kumaifotokoza pofunsira ntchito. Koma choopsa kuposa ndalamazo n'chakuti wolangika weniweni ndi agogo, amene mawa ali ndi ulendo wa kuchipatala koma baji alibe. Ndinene ndi ichi, ngakhale n'chowawa: mwini akamwalira, baji imabwezedwa kukhonsolo. Si chikumbutso.

Pa galimoto ndiye palibe zokambirana. Chimbudzi ndi nkhani ina, ndipo pamenepa sindikuuzani kuti musalowemo mpaka kale. Kuno kulibe lamulo loletsa munthu wopanda ulumali kulowa m'chimbudzi chachikulu chija. Galimoto imatseka malo kwa ola lathunthu mwini wake palibe, pomwe munthu m'chimbudzi amatuluka posachedwa. Ngati pamalopo chimbudzi n'chimodzi chokha, monga m'malesitilanti ang'onoang'ono, lowani. Ngati tebulo losinthirapo mwana thewera analiika momwemo ndipo mwabereka mwana wa achemwali anu, lowani, si inu munamanga. Ngati m'mimba mwavuta mwadzidzidzi ndipo kwina kuli mzere, lowani, aliyense zimamuchitikira.

Koma muzikumbukira masamu ake. Inu muli ndi zitseko zisanu ndi chimodzi, mayi anga ali ndi chimodzi. Inu mukhoza kupirira mphindi khumi, pomwe anthu ambiri amene amadalira chimbudzi chimenechi thupi silipereka chenjezo, likati tsopano ndi tsopano. Ndiye zifukwa zija zakuti n'chaukhondo, n'chachikulu, muli galasi labwino, mukufuna kusintha zovala za kuukwati, kuimba foni mwakachetechete kapena kujambula vidiyo ya pa TikTok, zimenezo ayi. Ndaimapo panja ndi mayi, tikumva nyimbo ikubwerezedwa katatu m'katimo. Munthu wa panjinga kapena wa ndodo akafika pamzere, salowa kumbuyo kwanu, amapita patsogolo. Mukamva kugogoda, fulumirani, ndipo potuluka musayambe kufotokoza mbiri yaitali, "pepani" akwana.

Mukalowamo musasunthe zinthu. Malo opanda kanthu pambali pa mtondo wa chimbudzi m'pamene njinga imaima kuti munthu asamuke atagwira zitsulo zija za kukhoma. Mukakankhirapo bini mwatseka chimbudzi chonse. Ndiye pali chingwe chofiira. Ndi angati amene mukudziwa ntchito yake? Si cha magetsi. Ndi choitanira thandizo munthu akagwa, ndipo chimayenera kulendewera mpaka masentimita 10 kuchokera pansi, chifukwa wogwa amakhala ali pansi. Okolopa ambiri amachimangirira m'mwamba kuti chisawasokoneze, ndipo sindikuwanyoza, inenso ndinakolopapo m'maofesi nditangofika kuno ndipo ndinkachita zomwezo osadziwa. Bungwe la Euan's Guide la ku Edinburgh linachita kusindikiza timakadi topachika pachingwecho tokumbutsa anthu. Mukachipeza chomangidwa, chimasuleni mosamala osachikoka.

Zimbudzi zina zimakhala zokhoma ndi kiyi wotchedwa Radar, dongosolo limene linayamba mu 1981 kuti zisamaonongedwe. Kiyiyo amagulitsidwa pa intaneti ndi mapaundi ochepa ndipo nthawi zambiri safunsa umboni. Ndamva kuti ena amagula kuti asamaime pamzere kumpira kapena kuzoimbaimba. Kutheka kugula sikutanthauza kuti ndi wanu. Palinso zotchedwa Changing Places, zimene zili ndi bedi la munthu wamkulu ndi makina onyamulira munthu. Zimenezi zisanachuluke, makolo ankagoneka ana awo akuluakulu pansi m'chimbudzi powasintha, ndipo m'malo ambiri zidakali choncho. Kuyambira 2021 nyumba zikuluzikulu zatsopano zofikamo anthu ambiri ku England zimayenera kukhala nacho. M'menemo mulibe chifukwa cholowera.

Ndatsala ndi nkhani imene imandichititsa manyazi. Nditakwiya ndi mnyamata wa pamvula uja, ndinadzipatsa ndekha ntchito ya upolisi. Tsiku lina pasiteshoni ya sitima tinadikira panja pa chimbudzi, ndipo munatuluka mtsikana wooneka bwino, nsapato zazitali, akuyenda nyang'anyang'a. Ndinamulalatira anthu akumva. Sanayankhe. Anangokweza bulauzi pang'ono n'kundionetsa thumba lomata pamimba, lija amavala anthu amene anachitidwa opaleshoni ya matumbo. Posintha thumba limenelo pamafunika sinki pafupi, malo oyala zipangizo ndi bini, zimene m'zimbudzi wamba mulibe. Ndinamukakamiza kuvula ulemu wake pagulu kuti ine ndikhutire. Mayi anga anandiyang'ana ndi diso lija limene nonse mumalidziwa, ngakhale mayi ako ali panjinga diso limenelo silifooka.

Ulumali wambiri suoneka ndi maso. Ku Scotland mtsikana wina, Grace Warnock, amene ali ndi matenda a m'matumbo otchedwa Crohn's, anatopa ndi maso oipa a anthu akamatuluka m'chimbudzi chotere. Ali ndi zaka 10 zokha anakonza chizindikiro chatsopano cha pachitseko, ndipo Nyumba ya Malamulo ya ku Scotland inachipachika mu 2016. Masupamaketi akuluakulu nawonso anaika mawu pazitseko okumbutsa kuti si ulumali wonse umaoneka. Kuyambira pa 30 August 2019, Blue Badge ku England imaperekedwanso kwa ena amene vuto lawo silioneka, monga autism ndi matenda oiwala a dementia. Ndipo ife anthu akuda tisaiwale sickle cell, imene ili m'mabanja ambiri ochokera ku Africa. Mnyamata akhoza kutsika m'galimoto akuoneka wamphamvu, koma mafupa akumuwawa moti mamita 100 kwa iye ndi ulendo. Ena mwa inu muno muli choncho, ndipo mumaopa kugwiritsa ntchito baji yanuyanu chifukwa mwatopa kufunsidwa ndi anthu osawadziwa, mwinanso ndi azakhali a kutchalitchi amene amati wachinyamata sadwala. Inuyo imikani pamenepo, lowani m'chimbudzimo, ndipo simukakamizidwa kuonetsa aliyense chipsera chanu.

Nanga mukaona zokayikitsa mutani? Yang'anani pagalasi la galimoto, osati miyendo ya munthu. Baji ikakhalapo, nkhani yatha. Ikapanda kukhalapo, kauzeni ogwira ntchito m'sitolo kapena dziwitsani khonsolo. Osajambula nkhope ya munthu n'kuiponya pa intaneti, mukhoza kukhala mukulakwitsa monga ndinalakwitsira ine, ndipo chithunzi sichibwerera. Amene muli ndi ufulu womudzudzula ndi mnzanu amene mwakwera naye. Akati "ndingothamangira pa ATM", muuzeni kuti, "Aise, sunthira uko, ndikudikira." Zimenezo zimamveka bwino zikachokera kwa inu kusiyana ndi kwa mayi wokwiya wa chitenje ngati ine.

Mtsikana wa pasiteshoni uja sindinathe kumupepesa bwino, sitima yake inali itafika. Mayi anga anayambanso kutuluka, ndipo tsopano timapita kusitolo Lachiwiri m'mawa pamene kulibe anthu ambiri, ngakhale nsomba zimene amakonda zimabwera Lachisanu.

Ndisanakhale pansi: ndalowa m'chimbudzi cha muholo muno pobwera. Muli mipando isanu yopinda ndi ndowa yokolopera, ndipo chingwe chofiira achikulunga pachitsulo. Ndikufuna anyamata awiri tikachotse tisanayambe tiyi.